Mmene Galimoto ya Alamu Inavinidwira

Ndisanayambe, ndikufuna ndikutsimikizireni kuti ziwalo zonse zimene ndinabadwa nazo ndikadali nazo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa panali Lachisanu lina, ku Lungwena, pamene nkhani imeneyi inali m'manja mwa anthu ena, ndipo ine mwini ziwalozo sindinafunsidwe maganizo.

Ine kwathu ndi ku Malindi, pafupi ndi mishoni, mwana wobatizidwa ndi madzi a m'beseni. Ndinapitako ku koleji ya ntchito zamanja kukaphunzira umakaniko, koma m'chaka chachiwiri ine ndi kolejiyo tinagwirizana zosiyana mwamtendere (iyo inkafuna ndizidzuka m'mamawa, ine ndinali ndi maganizo ena). Anthu amati ndili ndi matenda osiyira zinthu panjira. Amatchula kwaya ya kutchalitchi, amatchula sukulu yoyendetsa galimoto, ena amafika mpaka pokumba za ulimi wa nkhunda. Koma imene achemwali anga amaikonda kuposa zonse ndi ya ulendo uja kunabwera achipatala ndi matenti awo kudzachita mdulidwe wa abambo. Ndinalembetsa dzina, ndinakhala pa benchi, ndinasuntha ndi mzere mpaka kufika pakhomo penipeni. Amene anali patsogolo panga atatuluka akuyenda ngati wapanira dzungu pakati pa miyendo, ndinapempha kuti ndikataye madzi kaye. Mpaka lero ndikadali kutaya madziwo.

Achemwali angawo anakwatiwa ndi Che Yusufu, Msilamu wa ku Lungwena, munthu wa geni amene amapita ku Joni ngati akupita kuseri kwa nyumba. Koleji itandimasula ndinakakhala kwa iwo kuti ndiziwathandiza (ntchito yeniyeniyo tinali tisanagwirizane). Alamu ndi munthu wabwino, koma sankatopa kundikumbutsa kuti pakati pa amuna a m'mudzimo ine ndinali mwana.

"Alamu, ndevu zanuzo n'zobwereka," ankatero tikamamwa tiyi. "Munthu wosavinidwa, ngakhale amere imvi, kwa ife ndi kamwana. Koma musadandaule. Tsiku lina tidzakukonzani, inshallah."

Ndinkaseka nawo, koma ndi mano okha.

Chaka chimenecho alamu anabwera kuchokera ku Joni ndi chinthu chimene mudzi wonse unali usanachionepo: galimoto yoseweretsa, yotalika ngati mkono wa munthu, koma matayala ake otupa ngati maungu. Musaganize za timagalimoto ta pamsika tija timafa Khirisimasi isanathe. Iyi inali ndi injini yeniyeni, yaing'ono ngati chibakera, yolizira chingwe ngati injini ya boti. Petulo simwa. Imamwa mafuta akeake otchedwa naitiro, onunkhira motsekemera koma oluma m'maso ngati tsabola, ndipo botolo lake alamu ankalisunga kuchipinda pamodzi ndi pasipoti. Poiliza, mumayamba mwaika kachipangizo ka batire pa pulagi kuti kawaya kam'kati kafiire, kenako n'kukoka chingwe. Woyendetsa amaima chapatali ndi limoti yooneka ngati mfuti: mukafinya ndi chala imathamanga, mukapotokola kagudumu ka pambali imakhota. Tsiku loyamba kuiliza, asodzi anasiya ukonde uli pakati kusokedwa, ndipo ana anakwera mumtengo wa mango kuti ngati ndi yoluma iyambe ndi ena.

Vuto linali limodzi, ndipo ndi ine ndekha amene ndinkaliona. Galimotoyo inkafuka. Ikamathamanga pa bwalo la mpira inkasiya mchira wa utsi wabuluu ngati lole ya ku Makanjira ili pachitunda, ndipo ponyamuka inkayamba yatsokomola ngati ikuganizira kaye za ulendowo. Ine, monga munthu amene anakhalako m'kalasi ya makabyuleta (theka loyamba), ndinadziwa pompo kuti ikumwa mafuta ochuluka kuposa mpweya.

"Alamu, injini iyi akuipondereza," ndinatero. "Anaitulutsa kufakitale ataimanga miyendo. Pa kabyuleta apa pali singano. Mukangoimanga pang'ono, mafuta achepa, liwiro likwera. Tandipatsani sikuludiraiva."

"Singanoyo musaikhudze," anatero alamu. "Amene anandigulitsa anachita kundigwira dzanja. Anati ku Joni n'kumtunda, mpweya wake ngwopepuka. Kunyanja kuno mpweya ngwolemera, ndiye injini imafuna mafuta ambiri. Anati utsiwo ndiye moyo wake, chifukwa oyilo ali m'mafuta momwemo. Utsi ukasowa, yambani kulira."

"Ameneyo ndi wogulitsa mafuta, alamu. Mumati anene chiyani?"

"Inu koleji ija munamaliza?"

"Funso limenelo silikukhudzana ndi singano."

Inali nyengo ya mwera, masukulu atatsekera, nthawi imene anyamata amalowa ku jando. Kwa amene simulidziwa dera lathu: kuseri kwa bwalo la mpira, mukadutsa munda wa chinangwa, pali tchire lotsikira kumtsinje, ndipo m'menemo ndi mmene anamanga ndagala, msasa umene anyamatawo amakhala mpaka atachira ndi kulangizidwa. Panjira yolowera anazikapo mtengo wokhala ndi kansalu kofiira. Kansalu kameneko sikalankhula, koma aliyense amakamva. Mkazi sadutsa. Mwamuna wosavinidwa akadutsa, amati wadzipereka yekha, ndipo satuluka mmene analowera. Kaya zimachitikadi, kaya n'zongoopsezera, ine sindinkafuna kukhala wokafufuza. Popita kunyanja ndinkazungulira njira ya kumsika, yotalika kwabasi, ndipo ofunsa ndinkawauza kuti ndikulimbitsa thupi.

Lachisanu limenelo alamu anavala mkanjo wawo woyera n'kupita ku mzikiti pamodzi ndi amuna onse a mbali yathu. Achemwali anali kuseri akupeta mpunga. Galimoto inali pa kabati, itafundidwa kansalu koluka ngati wailesi ya kanema, m'thanki muli mafuta otsala dzulo lake. Ndinaiyang'ana, nayonso inandiyang'ana. Ndinalingalira kuti munthu akabwera kokapemphera n'kupeza galimoto yake ikuuluka, sangafunse za singano. Angondikumbatira n'kunena kuti koleji ija ndiyo inaluza.

"Chimene mwakulunga m'thawulocho n'chiyani?" anafunsa achemwali ndikudutsa pampanda.

"Zochapa."

"Inu kuchapa? Kaya mvula igwa."

Zimene ndinachita ndizitchula mwa dongosolo, kuti ophunzira apindule.

Choyamba chinali mabatire. M'galimotomo mumakhala timabatire timene timachititsa kuti izimva zimene limoti ikulamula. Alamu anali atatichotsa n'kutitsekera kuchipinda (munthu wosakhulupirira abale). Ine ndinatenga a mu tochi yanga. Anali atafooka ndithu, sindikana, koma ndinali nditawayanika padenga la khitchini kuyambira m'mawa, ndipo aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti batire likawothera dzuwa limatsitsimuka. Ndinawalumanso pang'ono m'mbali kuti mphamvu isunthe. Nditayesa, matayala anakhotera kumanzere, anakhotera kumanja. Sayansi.

Chachiwiri ndinachipeza nditafika kale pabwalo. Pambali pa kabyuleta panali kasipuling'i kamene kankakokera khomo la mafuta kuti lizitsekeka. Ndinakayang'anitsitsa ndipo ndinakamvetsa: ntchito yake inali kubweza chitukuko m'mbuyo. Ndinakachotsa n'kukaponya m'thumba la malaya. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti kanthu kameneko anakaikapo kuti mabatire akafa, galimoto iziima yokha. Mutu umenewo uyenera kuti unali wa chaka chachitatu.)

Ndiye singano. Alamu anali atanenapo kuti odziwa amaitembenuza pang'onopang'ono, ngati muvi wa wotchi ukusuntha ola limodzi, kenako n'kuyesa galimoto, n'kudontheza malovu pamutu pa injini. Malovu akachedwa kuuma, zili bwino. Akangoti tchwee n'kusowa, yatentha. Ndinayamba choncho ndithu, mwaulemu. Ndinamanga ola limodzi. Galimoto inanyamuka osatsokomola. Ndinamanga lina. Utsi unachepa, ndipo kulira kunasintha, kuchoka pa kwa mwana wa ng'ombe kufika pa kwa makina ochekera matabwa. Mbuzi zimene zinagona pa golo zinasamuka. Ndinabweza galimoto, n'kulavulira pamutu pa injini. Malovuwo sindinawaone akutera. Ndikukhulupirira anauma ali m'njira.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinadzifunsa kuti, ngati maola awiri achita chonchi, nanga munthu atagwira ntchito molimbika? Ndinaitembenuza singano ija, mwa mawerengedwe a wotchi aja, kuyambira m'mawa mpaka masana.

Ndinaika galimoto pansi, n'kufinya limoti mpaka kumapeto.

Abale anga, chinthu chija chinauluka. Chinaimika matayala akutsogolo m'mwamba ngati tonde wofuna kugunda, n'kudutsa bwalo lonse ndisanameze malovu otsalawo. Utsi kunalibe ngakhale wa mankhwala. Kulira kwake kunali kwa udzudzu wa msinkhu wa ng'ombe. Kwa kamphindi ndinali munthu wanzeru kuposa onse m'boma la Mangochi, ndipo ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mboni.

Itayandikira golo la uko, ndinasiya kufinya kuti iime. Siinaime. Ndinakankhira chala kutsogolo, kumene kuli buleki. Siinamve. Ndinapotokola kagudumu kuti ikhote. Inapitirira chilunjikire, ngati mwana amene wamva kuti kwawo apha nkhuku. Dzuwa limene ndinaika m'mabatire linali litatha, khomo la mafuta linatsala chitsegukire, ndipo kasipuling'i kotsekera kanali m'thumba langa, pafupi ndi mtima.

Ndinaliyatsa liwiro. Ndinakweza limoti m'mwamba ngati munthu wosaka netiweki, ndinaimenya pantchafu, ndinailankhula Chichewa, ndinayesa Chiyao changa chochepa, mpaka ndinaitchula "bwana". Galimoto inalowa m'munda wa chinangwa n'kumalumpha mizere ngati anaipangira zomwezo (anaipangiradi zomwezo, matayala aja si okongoletsa). Ine pambuyo, patapata imodzi itatsala pabwalo, maso onse ali pa fumbi lake. M'mutu mwanga munali nkhope ya alamu yokhayokha. Ndinaona kanthu kofiira kakudutsa pafupi ndi khutu langa, koma ndinati mwina ndi mbalame.

Kenako ndinamva nyimbo. Mawu a anyamata ambiri, ndi kuwomba m'manja, chapafupi kwambiri. Galimoto inaboola mpanda wa udzu. Nyimbo inasanduka chipwirikiti, wina anakuwa, ndowa inagubuduka, injini inalira komaliza mokweza ngati ikutsanzika abale, kenako zii.

Pamenepo m'pamene mbalame yofiira ija inabwerera m'mutu mwanga, ndipo ndinakumbukira kuti mbalame sizikhala zomangirira pamtengo.

Tsiku limenelo ndinachita chinthu chimodzi chokha chanzeru: ndinatsinzina. Ndinakhala pansi pomwepo, n'kuphimba kumaso ndi manja, limoti ili pamiyendo. Choncho zonse zotsatirazi ndinazimva ndi makutu. Musandifunse maonekedwe a ndagala, sindikuwadziwa, ndipo ndikupempha kuti mawu amenewa afike kwa oyenera.

Mapazi anandizungulira. Ambiri. Panali fungo la utsi wa nkhuni, ndi kaphokoso ka zikoti zikukhudza udzu wouma.

"Salaam aleikum," anatero mawu a munthu wamkulu, ofatsa, osathamangira kulikonse. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti anali anakanga, mkulu woyang'anira ndagala.

"Ameni," ndinayankha. (Mantha amabweza munthu ku mpingo wake.)

"Chichi chimene chalowa m'nyumba mwathu chija?"

"Ndi galimoto, ambuje. Ya Che Yusufu."

"Woyendetsa ali m'kati mwake?"

"Ayi, ambuje. Imayendera limoti."

"Ndiye mwailowetsa kuno ndinu."

"Ayi, ambuje. Inasiya kundimvera."

"Koma inu munaimvera. Mwaitsatira mpaka kuno." Ena anaseka chapansipansi. "Nsalu ija munaiona?"

"Ndinaiyesa mbalame."

"Mbalame." Anawasiya mawuwo kuti azizire. "Inu si alamu ake a Che Yusufu aja, a ku mishoni? Amene mumazungulira kumsika popita kunyanja?"

Ndiye kuti masewera anga olimbitsa thupi aja anali ndi oonerera.

"Munavinidwa, achimwene?"

Apa ndinaganiza zonama. Koma bodza limeneli ndi la mtundu umene umboni wake umayenda ndi mwini wake, ndipo ofufuza anali pomwepo.

"Ndinayambako, ambuje. Kuchipatala."

"Munayambako."

"Ndinafika pakhomo."

"Mulungu ndi wamkulu," anatero anakanga. "Khomo lija munalithawa, ili mwalowa chothamanga. Kawaitaneni angaliba. Mukawauze kuti kwabwera wamkulu, asatenge kampeni ka ana."

Angaliba, kwa osadziwa, ndi amene amagwira mpeni. Ndinamva munthu akunyamuka. Ndipo pasanapite nthawi, chakumbuyo kwanga, kunayamba kumveka: kwee, kwee, kwee. Chitsulo pamwala. Chosafulumira. Chinkaima pang'ono, ngati mwini wake akuyesa ndi chala, kenako n'kuyambiranso.

Sindikudziwa ngati munayamba mwamvapo mpeni ukunoledwa mutatsinzina, mukudziwa kuti mutu wa nkhani ndinu. Thupi limayamba kutsanzikana lokhalokha. Pakamwa panauma kuposa mutu wa injini uja. Ndinayamba pemphero limene tinaphunzira ku Sande sukulu, koma nditafika paja timavomereza kuti chifuniro cha kumwamba chichitike, ndinaona kuti mawu amenewo ndi oopsa pa nthawi ngati imeneyi, ndiye ndinalumphira kumapeto kopempha chipulumutso. Ndinalonjeza kubwerera ku koleji. Ndinalonjeza kubwerera ku kwaya. Nkhunda nazo ndinazilonjeza.

Kwee, kwee, kwee.

Ndinayesa kukumbukira ngati ndinamvapo za munthu wamkulu amene analowa chonchi n'kutuluka bwinobwino. Amene anabwera m'mutu anali mmodzi yekha, wogulitsa zitenje wa ku Ntcheu amene anthu amati anasochera njira chaka china, ndipo nkhani yake imathera poti masiku ano amavala chisoti choyera ndipo salankhulalankhula.

Ndiye ndinamva mawu amene ndinkawadikira, akubwera mwawefuwefu kuchokera kumunda wa chinangwa. Alamu. Wina anali atawathamangira akutuluka mumzikiti. Mtima unatsika pang'ono. Ndinati wafika munthu amene timapisa mbale imodzi.

"Ili kuti?" anatero alamu.

"Ndili pano, alamu."

"Sindikunena inu. Yazima yokha kapena aizimitsa?"

"Yazima yokha," wina anayankha. "Itagunda ndowa."

"Utsi imatulutsa?"

Funso limeneli linali langa. Ndinalisiya lidutse.

"Alamu, ndikufunsa inu. Singano ija mwaikhudza?"

"Pang'ono."

"Maola angati?"

"Kuyambira m'mawa mpaka masana."

Alamu anatchula dzina la Mulungu m'Chiarabu, motalika. Kenako ndinamva mkanjo ukutembenukira kwa anakanga, ndipo ananena mawu amene sindidzawaiwala.

"Ambuje, ine ndilibe mawu. Munthuyu ndakhala ndikumuitana mwaulemu. Ngati lero wabwera yekha, ine ndine yani kuti nditsekereze? Nkhuku ya angaliba ndipereka ine."

"Alamu," ndinanong'ona, "ganizirani achemwali."

"Achemwali anu zimenezi siziwakhudza."

Koma zinawakhudza. Kutali, kuseri kwa munda, kumene akazi amalekezera, kunamveka mawu amene anandilera, mawu oti akaitana mwana ku Lungwena amavomera ndi wa ku Malindi.

"Anakangaaa! Pepani ndalankhula ndili kuno! Ameneyo musamulowetse!"

Misozi inalengeza m'maso otsinzinawo. Ndinati chibale ndi fupa.

"Sikuti ndikumumvera chisoni ayi!" anapitiriza achemwali. "Chisoni ndikumvera inuyo! Ameneyo chibadwire sanamalizepo kanthu! Koleji anathawa! Kwaya anathawa nyimbo ili pakati! Kuchipatala anathawa atavula kale lamba! Mukamulowetsa lero, mkuja mukam'peza pa msika wa Mangochi akufotokozera anthu zonse za m'katimo, n'kuwonjezerapo zake! Pakamwa pake palibe chitseko!"

(Za lambazo anawonjezera. Ndinali nditangomasula bowo limodzi.)

Ngakhale mpeni unaima kuti umve.

"Che Yusufu," anatero anakanga, "n'zoona zimenezi?"

Alamu anausa moyo ngati munthu amene akuona chambo chikupulumuka m'manja. "N'zoona, ambuje. Ngakhale tiyi amasiya theka."

"Achimwene, inu mukuti bwanji? Tikakulowetsani, mukhala mpaka tsiku lotuluka?"

Moyo wanga wonse anthu akhala akundinyoza ndi mbiri imeneyi, ndipo ine ndakhala ndikuikana. Tsiku limenelo ndinaikumbatira ngati digiri.

"Ambuje, sindingakunamizeni. Ine ndine wothawa. Ndikhoza kuthawa angaliba ali pakati pa ntchito."

Wina anaphulika nako kuseka n'kudzigwira pakamwa. Anakanga sanaseke. Anandifunsa ngati ndaona kanthu, ndipo ndinalumbira kuti chiyambire ndaona kuseri kwa zikope zanga zokha. Anakambirana m'Chiyao chothamanga chimene sindinatolepo kanthu, kupatula mawu oti "mishoni" amene anabwera kangapo. Kenako anagamula.

"Munthu wotere ndi dengu lobooka, sitisungiramo ufa wathu. Mutulutseni ali chitsinzinire. Koma mwambo ndi mwambo. Pali wina amene walowa mpaka m'kati, waona zonse, wagubuduzanso ndowa. Ameneyo satuluka mpaka anzake atatuluka."

"Galimoto?" anatero alamu, mawu atachepa mwadzidzidzi. "Ambuje, ija ndi ya ku Joni. Chinyezi sichigwirizana nayo."

"Yabwera yokha, Che Yusufu. Inu ndinu yani kuti mutsekereze?"

Anandigwira mkono n'kundiyendetsa ngati wosaona mpaka kupitirira kansalu kofiira. Nditatsegula maso, woyamba kumuona anali bambo wina wandevu atakhala pa chitsa pafupi ndi malire, chikwanje chili m'manja, mulu wa chinangwa choti asende uli patsogolo pake. Anandiyang'ana, n'kunola kamodzi pamwala, kwee, n'kundipatsa moni mwaulemu wonse. Mpaka lero sindidziwa ngati angaliba anaitanidwadi. Sindinafunse, ndipo inunso musafunse.

Achemwali ndinawapeza m'mphepete mwa bwalo atanyamula patapata yanga.

"Zikomo, achemwali," ndinatero. "Koma munachita kunena zonse, mudzi wonse ukumva?"

"Zonse ziti? Za nkhunda ndinasunga, kuti akakana ndiwonjezere."

Masabata otsatirawo m'nyumba munali maliro opanda mtembo. Alamu ankakhala pakhonde limoti ili m'manja, maso ali kutchire. Sankandilankhula, kupatula moni, poti chipembedzo chimawakakamiza. Kasipuling'i kaja ndinakaika pa kabati, pansi pa kansalu koluka, kuti kasunge malo. Kenako anakanga anatumiza uthenga wokumbutsa kuti khomo lililonse limene lili ndi mwana m'katimo limatumiza chakudya, choncho achemwali anayamba kuphika mbale yowonjezera. Mbale zinkabwerako zoyera. Alamu ankaziyang'ana n'kungoti, "Bola akudya."

Tsiku lotuluka anamwali mudzi wonse unasonkhana. Anyamata anatuluka atavala zatsopano, mitu itawerama, amayi akuimba nthungululu. Kumapeto kwa mzere kunali mmodzi wa alombwe, anyamata akuluakulu osamalira anamwali aja, atasenza galimoto pamutu itakutidwa chitenje chatsopano. Anaitula pamphasa pamaso pa alamu. Mwambo umati kholo liwombole mwana lisanamuone nkhope, ndipo alamu anawombola. Atavundukula chitenjecho, ndinaona mapewa awo akugwedezeka.

Kumapeto kwa ekizozi kunkakhala kapaipi ka mphira, kolendewera, kolozetsa utsi pansi. Kanali katadulidwa. Mwaukhondo, mozungulira bwino, ntchito ya munthu wodziwa.

"Dzina lake tsopano ndi Che Jafali," anatero anakanga. "Muzimupatsa ulemu wake."

Alamu anamusambitsa Che Jafali, anaika pulagi yatsopano (yakale ija inapsa ndi kutentha, ndipo akuti kupsa kwake n'kumene kunazimitsa injini isanafe yonse), anabwezera kasipuling'i, anamasula singano kubwerera m'mawa, n'kuika mabatire a m'sitolo. Atakoka chingwe, Che Jafali analira, mchira wa utsi wabuluu uli pambuyo, ndipo ndikuvomera ndi mtima wowawa kuti ankathamanga bwino kuposa kale, osatsokomolanso. Ine mafotokozedwe a sayansi ndili nawo: injini yatsopano imamasuka ikayendayenda, komanso utsi unapeza njira yachidule. Palibe amene anandifunsa. Mudzi wonse unagwirizana pa chifukwa chimodzi, ndipo amachinena akundiyang'ana.

Masiku ano Che Jafali akatuluka pabwalo, amuna amaima mozungulira, ine ndimaima kumbuyo pamodzi ndi ana. Tsiku lina ndinatambasula dzanja kuti ndingopukuta fumbi pa kabyuleta. Alamu anandigogoda zala ndi sikuludiraiva.

"Ulemu, alamu. Ana sagwira akuluakulu pamutu."

Anthu amandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira ndithu: utsi ndi moyo, dzuwa si magetsi, ndipo munthu asamanyoze mbiri yake yoipa, chifukwa tsiku lina ndi imene idzamuimire pa mlandu. Malonjezo aja ndinapanga mpeni ukulira ndinayamba kuwakwaniritsa; ku kwaya ndinabwererako, ndipo ndinaimba ndime yoyamba yonse. Mwera ukangoyamba kuwomba, masukulu n'kutsekera, ndimakwera kabaza wa ku Malindi kukaona mayi, amene mpaka pano amadabwa ndi chikondi chobwera nyengo imodzi pachaka.

Koma kunena zoona, ndikamamumvetsera Che Jafali akudutsa, khutu langa limandiuza kuti singano ija ikhoza kulola ola limodzi. Limodzi lokha. Ndikungodikira nsalu yofiira ichotsedwe, alamu akwere basi ya ku Joni.